Dzuwa, nsomba kapena botolo: vitamini D ndi kutupa kwa m'thupi kuno ku Tete

Mabotolo a vitamini D achuluka masiku ano. Ali m'mafamasi a mumzinda wa Tete, ali ndi ogulitsa oyendayenda pa Ulongwe ndi pa Zóbuè, ena amabwera m'zikwama za achibale ochokera ku Joni. Mauthenga a pa WhatsApp nawo sachedwa kuwatamanda: akuti vitaminiyu amathetsa kutupa, amatsuka magazi, amachotsa ululu m'maondo. Koma vitamini D ndi wosiyana ndi anzake, chifukwa khungu limamupanga lokha likawombedwa ndi dzuwa. Ndiye munthu wokhala kuno, kumene dzuwa limaswa mtengo, amugulirenji? Alipo ofunikadi botolo. Koma ndi ochepa kusiyana ndi mmene amalonda amanenera, ndipo nthawi zambiri si iwo amene akugula.

Kutupa kuli pawiri. Kwina ndi kuja timakuona ndi maso: minga ikalasa phazi, pamalopo pamafiira, pamatentha, pamawawa. Chimenecho ndi chitetezo cha m'thupi chikugwira ntchito yake, ndipo kutupako kumatha bala likapola. Kwina ndi kwa pang'onopang'ono, kosaoneka, kokhala zaka zambiri mkati mwa mitsempha ndi ziwalo. Kumayenda limodzi ndi shuga, kunenepa kwambiri, matenda a mtima ndi nyamakazi. Kuchipatala amakudziwa poyeza CRP, puloteni yomwe chiwindi chimatulutsa yambiri thupi likatupa. Mnzake wa kutupa kumeneku ndi chimene madokotala amati oxidative stress. Maselo akamasandutsa chakudya kukhala mphamvu amagwiritsa ntchito okosijeni, ndipo pamatsala tizinthu tolusa timene timadya makoma a maselowo, monga dzimbiri lidyera khasu losiyidwa pamvula. Thupi lili ndi zodzitetezera zake, monga glutathione, koma utsi wa nkhuni, fodya, fumbi la malasha, kachasu ndi shuga wosasamalidwa zimachulukitsa tizinthuto mpaka zodzitetezerazo n'kulephera.

Vitamini D walowamo bwanji? Akapangidwa pakhungu amapita ku chiwindi, n'kusinthidwa kukhala mtundu umene amayeza m'magazi, wotchedwa 25(OH)D. Kenako impso zimamusandutsa calcitriol, yemwe ntchito yake yaikulu ndi kuthandiza matumbo kuyamwa kashiamu kuti mafupa alimbe. Maselo oyera a m'magazi nawonso amatha kumudzutsa okha vitaminiyu, ndipo mu 2006 akatswiri anaonetsa kuti amawathandiza kupanga cathelicidin, chida chophera tizilombo ta TB. Mu labotale amachepetsanso timauthenga toyambitsa kutupa monga IL-6. Choncho amene amati vitamini D amakhudza kutupa sakunama ayi.

Chovuta chimabwera tikachoka mu labotale n'kufika kwa anthu enieni. Kawirikawiri odwala amapezeka ndi vitamini D wochepa, koma sizitanthauza kuti kuchepako ndiko kunawadwalitsa. Wodwala amabindikira m'nyumba, dzuwa osaliona. Komanso kutupa pakokha kumatsitsa vitamini D wa m'magazi: ku Scotland mu 2011 anayeza anthu ochitidwa opaleshoni ya bondo, ndipo m'masiku awiri okha vitaminiyu anali atatsika kwambiri.

Kafukufuku wamkulu wa VITAL ku United States anatenga anthu 25,871 achikulire. Theka ankamwa vitamini D wokwana 2,000 IU (IU ndi muyezo wa vitaminiyu) tsiku lililonse, theka linalo mapiritsi opanda kanthu, kwa zaka zoposa 5. Khansa sinachepe, matenda a mtima sanachepe, ngakhale kuthyoka mafupa sikunachepe. CRP itayezedwa patatha chaka sinasinthe, pa chaka chachiwiri inatsikako, pofika chachinayi kusiyanako kunali kutazilala. Chimene chinapereka chiyembekezo ndi matenda amene chitetezo chimaukira thupi lake lomwe, monga nyamakazi yotupitsa mfundo za zala: anachepa ndi 22 peresenti. Tisaiwale kuti ambiri mwa anthuwa anali kale ndi vitamini D wokwanira asanayambe. Akatswiri a ku University of South Australia atafufuza anthu pafupifupi 295,000 a ku Britain anapeza chimene chimamasula nkhaniyi: vitamini D amatsitsa CRP mwa munthu amene akumusowa kwambiri, koma akangokwanira, kuwonjezera sikusinthanso kanthu. Pa oxidative stress, akafukufuku ang'onoang'ono ataphatikizidwa amaonetsa glutathione akukwera ndi zizindikiro za kuwonongeka kwa maselo zikutsika. Koma ambiri anali a anthu ochepa ndi a miyezi yochepa, ndipo ankayeza manambala a m'magazi, osati ngati munthu wachira.

Za TB ndi HIV zimatikhudza kwambiri kuno. Ku London anaona kuti odwala TB opatsidwa vitamini D pamwamba pa mankhwala awo, zizindikiro za kutupa zinkatsika msanga. Komabe ku Dar es Salaam, mwa anthu 4,000 oyamba kumwa ma ARV, vitaminiyu sanachepetse imfa kapena TB. Ku Mongolia, ana asukulu 8,851 atatsatidwa zaka 3, sanawateteze kutenga TB, ndipo ku Cape Town zinatulukanso chimodzimodzi. Wina akakuuzani kuti botolo lake lilowa m'malo mwa mankhwala a TB kapena ma ARV, muthaweni.

Dzuwa

Iyi ndi njira yaulere, ndipo kwa anthu ambiri a m'chigawo chino ndi yokwanira. Tili pafupifupi madigiri 15 mpaka 16 kum'mwera kwa equator, choncho kuwala kwa UVB kopangitsa vitamini D kulipo chaka chonse, ngakhale mu Juni. Mlimi wa mbatatesi ku Tsangano, wa fodya ku Furancungo, msodzi wa pa Cahora Bassa, mayi woyenda ndi dengu la tomato kupita kumsika wa Dómuè: onsewa ndalama za botolo angagulire mazira. Ku Tanzania anayeza Amasai ndi Ahadza, anthu okhala panja tsiku lonse, ndipo anapeza vitamini D wa m'magazi mwawo ali pafupifupi 115 nmol/L, pomwe 50 nmol/L ndi yomwe imawerengedwa kuti yakwanira. Dzuwa lilinso ndi ubwino umene botolo lilibe: khungu likapanga wokwanira limaleka lokha, ndipo palibe amene anadwalapo chifukwa chochulukitsa vitamini D wa padzuwa.

Koma kukhala m'dziko la dzuwa ndi kuwombedwa ndi dzuwa ndi zinthu ziwiri. Kafukufuku wa mu 2020 wosonkhanitsa zotsatira za m'maiko a mu Africa anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu ali pansi pa 50 nmol/L, ndipo pafupifupi mmodzi mwa asanu ali pansi pa 30 nmol/L, komwe ndi kusowa kwenikweni. Okhala m'matauni, amayi ndi makanda ndi amene anapezeka otsika kwambiri. Mzinda wa Tete ndi chitsanzo chabwino. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndiye aliyense wanzeru amathawa dzuwa: kuchoka m'nyumba, kulowa mu chapa, kukalowa mu ofesi, kutuluka litapendeka. Wogwira ntchito kumgodi wa Moatize amavala ovolosi, chisoti, magolovesi ndi nsapato zazitali, ndipo woyendetsa chigalimoto cha malasha amakhala kuseri kwa galasi, lomwe limatchinga UVB. Wa shifiti ya usiku amagona masana. Khungu lakuda nalo limafuna nthawi yotalikirapo kuti lipange vitamini D wofanana ndi wa khungu loyera, ndipo khungu la nkhalamba limapanga wochepa.

Dzuwa lothandiza ndi lija chithunzithunzi chanu chili chachifupi kuposa inu. La m'mamawa limene agogo amaothera pakhonde ku Angónia m'miyezi yachisanu, atafunda bulangete mpaka m'khosi, limatenthetsa thupi koma vitamini D limapereka wochepa. Chofunika ndi mikono ndi miyendo kukhala poyera kwa kanthawi, kangapo pa sabata, osati kudziwotcha. Apa pali gulu limodzi lomwe njirayi siyawo konse: abale athu achialubino. Kwa iwo dzuwa ndi khansa ya pakhungu, ndipo chipewa, malaya a manja aatali ndi mafuta odzola oteteza khungu siziyenera kusiyidwa chifukwa cha vitamini aliyense. Iwo ndiye oyenera kufunsa za botolo. Khanda nalo silikhazikidwa padzuwa lamasana.

Chakudya

Apa tisanamizane: zakudya zokhala ndi vitamini D ndi zochepa. Nsima ilibe. Nyemba, nkhwani ndi mpiru zilibe. Dzira limodzi lili ndi pafupifupi 40 IU, ndipo ali mu chikasu chake. Munthu wamkulu amafunika 600 IU patsiku, ndiye mazira okha sangafikitse. Nsomba zamafuta ndi zomwe zili ndi wambiri: sardinha za m'chitini, carapau wa mufiriji yemwe amapezeka m'misika yambiri, ndi nsomba zina zonona. Bowa woyanikidwa padzuwa amapanga mtundu wa vitamini D wotchedwa D2, zomwe zikutanthauza kuti amayi osunga bowa wouma wa m'dzinja amachita chinthu chanzeru. Kuyambira 2016 lamulo la Mozambique limafuna kuti ufa wa m'mafakitale, mafuta ophikira ndi shuga ziziwonjezeredwa michere. Werengani pabotolo la mafuta kapena pa majarini kuti muone ngati vitamini D walembedwapo.

Ngakhale zili choncho, ine njira ya chakudya ndimaiika pamwamba pa mapiritsi kwa munthu wosadwala, pa chifukwa china. Nsomba simabwera ndi vitamini D yekha. Kapenta wa pa Cahora Bassa, usipa ndi matemba timadya ndi mafupa omwe, ndiye kashiamu ameneyo. Ku Nigeria mu 1999 madokotala anaonetsa kuti ana ambiri a matewe, miyendo yopindika, sankasowa kwenikweni vitamini D koma kashiamu, ndipo anachira bwino atapatsidwa kashiamuyo. Mwana wa kumudzi wosewera padzuwa tsiku lonse koma wongodya phala lopanda kanthu ali pangozi yomweyo. Mayi wogula botolo la vitamini D n'kusiya kusinjira matemba m'phala wagula chinthu cholakwika.

Pakati pa chakudya ndi mankhwala pali mafuta a chiwindi cha nsomba, aja ambirife tinamwetsedwa titatsina mphuno. Supuni yaing'ono imodzi ili ndi pafupifupi 400 IU. Amagwira ntchito, koma ali ndi vitamini A wambiri, yemwe akachuluka amatha kuvulaza mwana wosabadwa. Mayi woyembekezera asawamwe popanda kufunsa ku sikelo.

Piritsi laling'ono tsiku ndi tsiku

Ngati muli m'gulu losaona dzuwa, iyi ndi njira imene umboni umaikonda. Ndi ya agogo ogona m'nyumba chifukwa cha sitiroko kapena ukalamba, achialubino, ogwira ntchito usiku kapena m'zipinda zotsekeka, ndi anthu onenepa kwambiri, chifukwa mafuta a m'thupi amasunga vitaminiyu osamutulutsa. Palinso mankhwala ena amene amachititsa chiwindi kumuphwanya msanga: rifampicin wa TB, efavirenz amene ena akumwabe ngakhale ambiri anasinthidwa kupita ku dolutegravir, ndi mankhwala a khunyu monga phenobarbital, phenytoin ndi carbamazepine. Omwa zimenezi asasiye mankhwala awo, koma tsiku lokatenga ena afunse ngati akufunika vitamini D.

Milingo yovomerezeka ku United States kuyambira 2011 ndi 400 IU kwa khanda losakwana chaka, 600 IU kuyambira chaka chimodzi mpaka zaka 70, ndi 800 IU kwa opitirira pamenepo. Malire amene wamkulu sayenera kudutsa payekha ndi 4,000 IU patsiku. Mabotolo olembedwa m'Chipwitikizi amati UI, ena amalemba mcg, ndipo 1 mcg ndi 40 IU. Choncho 25 mcg ndi 1,000 IU, mlingo wokwanira kwa ambiri mwa amene tatchulawa. Pakati pa D2 ndi D3 sankhani D3, chifukwa amakweza mlingo wa m'magazi bwino ndiponso amakhalitsa. Imwani pa nthawi ya chakudya chokhala ndi mafuta, ngakhale ndiwo zotendera, chifukwa vitaminiyu amayamwidwa pamodzi ndi mafuta. Gulani ku famasi. Botolo lomwe lakhala pa benchi padzuwa la Tete miyezi yambiri, lopanda tsiku lothera ntchito, palibe angakutsimikizireni zomwe zatsalamo.

Nanga piritsili lidzakuchitirani chiyani? Ngati munalidi wosowa, kuphwanya kwa mafupa ndi kufooka kwa ntchafu, kuja kolephera kudzuka pampando osagwira pena, kumatha kuchepa pakapita miyezi ingapo, ndipo CRP imatha kutsikako. Mu 2017 akatswiri ataphatikiza akafukufuku 25 anapezanso kuti chimfine ndi chifuwa zinachepako pang'ono, makamaka mwa osowa kwambiri amene ankamwa tsiku ndi tsiku kapena sabata ndi sabata. Ngati munali wokwanira kale, mwangotaya mametikali anu. Kwa amayi oyembekezera akatswiri sagwirizana: WHO silimbikitsa kupatsa aliyense, pomwe bungwe la madokotala la Endocrine Society mu 2024 linati ndi bwino. Zimenezo zisiyireni anamwino amene akukuonani. Mkaka wa m'mawere uli ndi vitamini D wochepa, n'chifukwa chake maiko ambiri amapatsa makanda madontho, koma mkakawo ukadali chakudya chopambana zonse ndipo si chifukwa chosiyira kuyamwitsa.

Mlingo waukulu ndi jakisoni

Anthufe timakhulupirira jakisoni. Timaona ngati piritsi ndi masewera, koma singano ndiye mankhwala enieni, ndipo nambala ikakhala yaikulu timati ndiye yamphamvu. Pa vitamini D maganizo amenewa ndi oopsa. Makapisozi a 50,000 IU ali ndi ntchito yake: dokotala amawalembera munthu amene wapezeka wosowa kwenikweni, kamodzi pa sabata, kwa masabata pafupifupi 8, kenako n'kubwerera ku mlingo waung'ono. Choopsa ndi munthu wogula yekha n'kumamwa kapisozi woteroyo tsiku lililonse ngati panado. Vitamini D satuluka ndi mkodzo monga vitamini C. Amaunjikana, n'kukweza kashiamu m'magazi. Zizindikiro zake ndi nseru, kusanza, kudzimbidwa, ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kufooka ndi kusokonezeka mutu, ndipo pamapeto pake miyala mu impso kapena impso kuwonongeka. Taganizirani munthu wa mumzinda wa Tete mu Novembala: ludzu ndi kufooka adzangoti ndi kutentha, n'kupitiriza kumwa makapisozi ake.

Ngakhale pamene sanafike popweteka impso, mlingo waukulu wa kamodzi sunaonetse phindu. Ku Australia mu 2010, amayi 2,256 a zaka 70 kupita m'tsogolo anagawidwa pawiri, ena n'kumapatsidwa 500,000 IU kamodzi pachaka. Opatsidwawo ndi amene anagwa kwambiri ndi kuthyoka mafupa kwambiri. M'kafukufuku wa chimfine uja, milingo ikuluikulu ya apo ndi apo sinateteze. Odwala impso, amene anakhalapo ndi miyala mu impso, omwa hydrochlorothiazide wa BP, ndi odwala TB amene kashiamu wawo amatha kukwera yekha, asayandikire milingo imeneyi popanda dokotala.

Kuyezetsa kaye kumamveka kwanzeru, ndipo kwa wodwala impso, chiwindi, kapena wa mafupa ophwanya kwa nthawi yaitali n'koyenera. Koma si chipatala chaching'ono chilichonse chili ndi makina oyezera 25(OH)D, ndipo Endocrine Society yomweyo silimbikitsa kuyeza anthu osadwala. Musayezetsenso muli ndi malungo kapena mutangochitidwa opaleshoni, chifukwa nambala idzatsika ndi matendawo.

Pali njira ina yosatchulidwa ndi ogulitsa

Ngati cholinga chanu ndi kuchepetsa kutupa ndi oxidative stress, vitamini D si poyambira. Mayi wophika pa mafuwa m'khitchini yopanda zenera, makamaka m'miyezi yozizira ya ku Angónia pamene zitseko zimatsekedwa, amapuma utsi maola ambiri tsiku lililonse. Kuboola zenera, kuphikira panja kapena kugwiritsa ntchito chitetezo mbaula kumachotsa gwero lenileni. Chimodzimodzi kusiya chingambwe, kuchepetsa kachasu, kuvala chotchinga mphuno pafumbi la malasha, ndi kusamalira shuga ndi BP. Zoteteza maselo nazo tili nazo zambiri: malambe ndi masau, zomwe Tete amadziwika nazo, zili ndi vitamini C wambiri, ndipo mango, mapapaya, bonongwe ndi chisoso si zosowa. Zimenezi zidyedwe monga chakudya. Mapiritsi amphamvu otchedwa ma antioxidant ali ndi mbiri yoipa: ku Finland mu 1994 amuna osuta fodya opatsidwa beta-carotene anadwala khansa ya m'mapapo kuposa osapatsidwa, ndipo ku United States mu 1996 kafukufuku wina wotere anaimitsidwa pa chifukwa chomwecho.

Kutupa kooneka ndi maso kuli ndi mwini wake, ndipo mwiniyo ayenera kupezeka. Mapazi onse awiri otupa angakhale mtima, impso, chiwindi kapena kuchepa magazi, ndipo kwa mayi woyembekezera, nkhope ndi manja zikatupa pamodzi ndi mutu kuwawa, ndi nkhani yothamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Chala chachikulu cha kuphazi chotupa usiku umodzi, chosakhudzika, nthawi zambiri ndi gout, yomwe imakonda okonda mowa ndi nyama. Mfundo za zala zouma m'mawa uliwonse kwa ola lathunthu zimafuna mankhwala a nyamakazi zisanapindike. Anabere osapola m'khosi, thukuta la usiku ndi kuwonda ndi zoyezetsa TB ndi HIV. Thandizo la zonsezi limayambira pa chipatala chomwe muli nacho pafupi, ndipo zikavuta amatumiza ku chipatala cha Ulongwe kapena ku chipatala chachikulu cha Tete. Mukapita, nyamulani mabotolo onse amene mwakhala mukumwa, ngakhale aja anakutumizirani achibale, kuti okuonaniwo awerenge okha milingo yake.